Kodi Mwana wa Mkhristu Akazama pa Sayansi Amataya Mulungu?

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene ndi mkulu wa mpingo, ndipo andilola kuwayankha poyera popanda kutchula dzina lawo. Mwana wawo wamkazi ali ku yunivesite, kumene akuphunzira sayansi ya zamoyo ndi cholinga chodzagwira ntchito mu labotale ya chipatala. Atabwera ku holide anayamba kufotokoza za zaka za dziko lapansi ndi mmene tizilombo timasinthira mpaka kusiya kumva mankhwala, ndipo akulu anzawo ena awachenjeza kuti mwanayo wayamba kulowerera. Funso lawo ndi lakuti: kodi Mkhristu angathe kuilemekeza sayansi ndi mtima wonse, kapena azingoipirira ngati chinthu chopezera ntchito basi?

Bambo, zikomo kwambiri pondidalira ndi nkhani ya mwana wanu. Ine ndikukhulupirira kuti Mkhristu ali ndi chifukwa chachikulu choikondera sayansi kuposa munthu wosapemphera, ndipo chifukwa chimenechi chili m'Baibulo lomwe mumalalikira.

Ndikupemphani mutsegule Yesaya 28, kuyambira ndime 24 mpaka 29, malo amene sitiwamva kawirikawiri pa guwa. Mneneri akunena za mlimi wamba. Mlimiyo sakhalira kugalauza nthaka chaka chonse. Amadziwa nthawi yosalaza, amadziwa mbewu yofunika kuwaza ndi yofunika kubzala m'mizere, amadziwanso kuti timbewu ting'onoting'ono tokometsera chakudya sitipunthidwa ndi gudumu la ngolo koma ndi ndodo. Kenaka mneneri akuti Mulungu wake ndiye amamulangiza ndi kumuphunzitsa, ndipo pomaliza akuti izinso zimachokera kwa Yehova wa makamu. Tsono tidzifunse kuti Mulungu anamuphunzitsa bwanji mlimi ameneyu. M'mabuku a Mose mulibe mutu wonena za kapunthidwe ka mbewu, ndipo sitikumva kuti mngelo anatsikira m'munda. Mlimi anayesa, analephera, anaona zimene zachitika, nauza ana ake, ndipo anawo anawonjezera zawo. Nzeru yopezeka mwa kuyang'anitsitsa ndi kuyesa imeneyi mneneri akuitcha chiphunzitso cha Mulungu. Sayansi ndi ntchito yomweyo, kungoti imachitika mosamala kwambiri, ndi miyeso, ndi kulemba zonse, ndi kulola ena kuti abwereze kuyesako kuti aone ngati mnzawo sananame. Mlangizi wa zaulimi amene amatiuza kutalikirana kwa mapando a chimanga ali pa mzere umodzi ndi mlimi wa Yesaya.

Chimene chimapangitsa kuti kuyesa kukhale kotheka ndicho kukhulupirika kwa Mlengi. Dziko likanakhala lolamulidwa ndi mizimu yambirimbiri yolimbana, lero madzi bwenzi akuwira pamoto, mawa n'kukana. Koma ife timavomereza Mulungu mmodzi amene analonjeza Nowa kuti nyengo yobzala ndi yokolola, chisanu ndi mafundi, usana ndi usiku sizidzalekeka. Munthu amene amakhulupirira lonjezo limeneli sadabwa akapeza kuti chilengedwe chili ndi malamulo amene angathe kuwerengedwa. N'chifukwa chake ambiri mwa amene anayala maziko a sayansi anali anthu opemphera. Johannes Kepler, amene anapeza m'chaka cha 1609 mmene mapulaneti amayendera pozungulira dzuwa, poyamba ankaphunzira kuti adzakhale mbusa wa mpingo wa Lutheran. Gregor Mendel, amene anafalitsa mu 1866 malamulo a mmene ana amatengera makolo, anali wansembe wa Katolika wolima nsawawa m'dimba la nyumba ya amonke ku Brno. Michael Faraday anali mkulu wa mpingo ngati inu, mu kampingo kakang'ono ku London, ndipo zimene anapeza mu 1831, zakuti maginito akamayenda pafupi ndi waya amatulutsa magetsi, ndizo zikugwira ntchito m'makina a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire. Babu la m'tchalitchi mwanu likayaka, mukudya thukuta la mkulu wa mpingo mnzanu.

Koma ndikufuna tikhale kanthawi pa malungo, chifukwa ndi pamene mwana wanu adzagwire ntchito, ndiponso ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ife eni. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, ndipo manda a ena mwa iwo alipobe mpaka lero. Anali anthu a pemphero kuposa ambiri a ife, koma malungo anawatenga, pakuti nthawi imeneyo anthu ankaganiza kuti matendawa amachokera ku mpweya woipa wa m'madambo. Anasamukira ku Bandawe mu 1881, imfa n'kuwatsatira, mpaka anakwera phiri ku Khondowe mu 1894. Mtsogoleri wawo, Robert Laws, anali mbusa komanso dokotala, ndipo sanaone kuti maudindo awiriwa akulimbana. Pa nthawi yomweyo, dokotala wa ku France, Alphonse Laveran, anaona kachilombo ka malungo m'magazi a wodwala ku Algeria mu 1880, ndipo mu 1897 Ronald Ross ali ku India anakapeza m'mimba mwa udzudzu. Kodi mapemphero a amayi osawerengeka amene anaika ana awo m'manda sanayankhidwe, mwa zina, kudzera m'maso a anthu awiriwa? Ine sindikayika.

Taganizirani zimene zimachitika lero mayi akafika pachipatala ndi mwana wotentha thupi, atamubereka kumbuyo, mwanayo ali lefu. Wa mu labotale amapukuta chala cha mwana, n'kuchibaya, n'kutenga kadontho ka magazi. Amakapaka pa kagalasi, kukaumitsa, kukathira mankhwala osintha mtundu, n'kuwerama pa makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso, kufunafuna timphete ting'onoting'ono m'kati mwa maselo ofiira. Akapupuluma kapena akanama, mwana amapatsidwa mankhwala olakwika. Akaona bwino, mwana amayamba LA tsiku lomwelo ndipo posapita masiku amapempha phala. Bambo, ngati kupatsa waludzu chikho cha madzi ndi kutumikira Khristu, ndiuzeni chifukwa chimene kuwerama pa kagalasi kameneka sikungakhalire utumiki. Mipingo ya m'Malawi inazindikira zimenezi kalekale, ndipo n'chifukwa chake tili ndi zipatala monga Nkhoma, Malamulo, Ekwendeni, Mulanje Mission ndi St Luke's ku Malosa, zimene pansi pa bungwe la CHAM zimasenza gawo lalikulu la ntchito za umoyo, makamaka kumidzi.

Zimene mwana wanu ananena za tizilombo tosiya kumva mankhwala si nthano ya azungu, tinaziona tokha. Chloroquine atasiya kugwira ntchito, Malawi inasinthira ku Fansidar mu 1993, ndipo Fansidar nayenso atafooka tinayamba LA mu 2007. Ena amati kusinthasintha kotere kukusonyeza kuti sayansi ndi yosadalirika. Ine ndimaona ulemu wake pomwepo, chifukwa ndi ntchito imene imakakamiza munthu kuvomera kuti zimene ankanena dzana sizikugwiranso, ngakhale dzina lake litsike. Mkhristu amene amaphunzitsidwa kulapa sayenera kunyoza khalidwe limeneli.

Ndikudziwa ndime imene akulu anzanu angatchule: 2 Mbiri 16:12, pamene mfumu Asa inadwala mapazi ndipo sinafune Yehova koma asing'anga. Werengani mutu wonsewo. Asa anali atadalira kale mfumu ya Aramu m'malo mwa Mulungu, ndipo anatsekera m'ndende mlauli amene anamudzudzula. Tchimo lake linali kufulatira Mulungu. Pamene Hezekiya anadwala, Mulungu analonjeza kumuchiritsa, komabe Yesaya analamula kuti atenge nkhuyu aziike pa chithupsa. Paulo amatcha Luka sing'anga wokondedwa. Ndipo pamene Satana anauza Ambuye kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi popeza angelo adzawagwira, yankho linali lakuti usamuyese Ambuye Mulungu wako. Ndimalemba izi ndi mtima wowawa, chifukwa chiyambire pamene ma ARV anayamba kuperekedwa ulere mu 2004, taika m'manda abale amene anali atachira n'kunenepa, koma anasiya kumwa mankhwala atauzidwa kuti kupitiriza ndi kusowa chikhulupiriro. Wowauza zimenezo anawaphunzitsa kuyesa Mulungu.

Tsopano za zaka za dziko, zomwe ndikuganiza kuti ndizo zakusowetsani tulo. Akatswiri amati dziko lapansi lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni, ndipo amafika pa chiwerengerochi poyeza mmene zinthu zina za m'miyala, monga uranium, zimasandukira mtovu pa liwiro lodziwika. Akhristu oona mtima amasiyana pa kamvedwe ka masiku a pa Genesis 1, ndipo kusiyanaku sikunayambe ndi Charles Darwin, amene anaphunzitsa zakuti zamoyo zimasintha pang'onopang'ono m'mibadwo. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa amene anamwalira mu 430, ankafunsa kale kuti masiku atatu oyamba anali otani popeza dzuwa likutchulidwa pa tsiku lachinayi, ndipo anachenjeza kuti Mkhristu akamalankhula zosadziwa za nyenyezi ndi nyama m'dzina la Malemba, akunja amaseka Malembawo. Maganizo anga ndi akuti Genesis analembedwa kuti atiuze amene analenga, chifukwa chake, ndi malo a munthu pamaso pake, ndipo pa zimenezi palibe muyeso wa mwala umene ungamutsutse. Georges Lemaître, wansembe wa ku Belgium, ndiye anasonyeza mu 1927 kuti thambo likufutukuka, ndipo mu 1931 ananena kuti linayambira pa chinthu chimodzi chaching'ono, ganizo limene lero limatchedwa Big Bang. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti Papa Pius XII atalankhula mu 1951 ngati kuti zimenezi zatsimikizira Genesis, Lemaître sanakondwere. Sanafune kuti chikhulupiriro chikhazikike pa chiphunzitso chimene mawa chingathe kukonzedwa. Mpingo wa Katolika unali utapsa kale ndi mlandu wa Galileo, amene anazengedwa mu 1633 chifukwa chonena kuti dziko limazungulira dzuwa, mlandu umene Papa John Paul II anavomereza mu 1992 kuti unaweruzidwa molakwika.

Sindikunena kuti aliyense wovala chovala choyera cha mu labotale ndi wolungama. Ku Tuskegee, m'dziko la America, kuyambira 1932 mpaka 1972, madokotala a boma anasiya amuna akuda pafupifupi 400 odwala chindoko osawapatsa mankhwala, ngakhale penicillin atapezeka, pofuna kungoona mmene matendawo amawonongera thupi. Sayansi imapatsa munthu mphamvu, koma siingamuuze kuti wosauka amene ali patsogolo pake ndi chifaniziro cha Mulungu. Mphunzitsi akanena m'kalasi kuti sayansi yatsimikiza kuti Mulungu kulibe, wadumpha malire a ntchito yake ndipo akunena za mumtima mwake. Apa m'pamene ndikuona kuti tikawachotsa ana athu opemphera m'malo amenewa, tidzawasiyira anthu amene alibe wowaopa.

Achinyamata ambiri amene amachoka mumpingo ali ku koleji sachotsedwa ndi zimene aphunzira. Amachoka chifukwa atabwera ndi funso kunyumba anakalipiridwa, ndipo anaganiza kuti chikhulupiriro cha makolo awo chimaopa mafunso. Mwana wanu wakuuzani zimene akuphunzira chifukwa amakudalirani, choncho musamutsekere khomo limeneli. Mukhale naye pansi, mumupemphe akufotokozereni mmene amayezera zaka za mwala kufikira mutamvetsa, ndipo inunso mumuwerengere Yesaya 28. Pamene simukugwirizana, nenani poyera kuti simukugwirizana, koma musamutche wolowerera. Kwa akulu anzanu, ndikupemphani mukawauze kuti akamapempherera abusa ndi alaliki Lamulungu, azitchulanso anamwino, aphunzitsi a sayansi ndi ana a mumpingo amene ali m'makoleji, ndipo mwana wanu akadzabweranso ku holide mudzamupatse mpata wophunzitsa amayi a chigwirizano za malungo ndi katemera wa ana.