Mafani 6 koma kompyuta ikutenthabe: vuto lili pati?

Funso: Ndalumikiza ndekha kompyuta ya pa desiki, purosesa yake ndi Ryzen 5 7600. Ndaikamo mafani 6, koma ndikayamba kukonza mavidiyo imalira ngati chigayo ndipo kutentha kumafika 90°C. Kodi ndigule mafani ena?

Yankho: Ayi achimwene, ndalamayo isungeni kaye. Yambani mwaona komwe fani iliyonse yaloza. Mpweya umalowera mbali yomwe mapiko akuoneka poyera, n'kutulukira mbali ya timitanda togwira mota. Ngati mukukayika, yandikizani kapepala ka tishu fani ikuzungulira. Kakakokedwa, kumeneko ndi kolowera. Makompyuta ambiri obwera ndi dandaulo ili ndimawapeza mafani onse akupopera mkati, mpweya wotentha n'kumangozungulira momwemo kusowa potulukira.

Mpweya uzilowa kutsogolo, udutse pa graphics card (chipangizo chotulutsa zithunzi pa sikirini) ndi pa choziziritsira purosesa, kenako utulukire kumbuyo ndi pamwamba. Ine ndimakonda olowetsa achuluke kuposa otulutsa, mwachitsanzo 3 kutsogolo ndi 1 kumbuyo. Mukatero mpweya wotsala umatulukira m'timipata ta kesi (bokosi la kompyutayo), ndipo wolowa wonse umayamba wadutsa pa sefa yotchinga fumbi. Otulutsa akachuluka, timipata tomweto timasanduka makomo a fumbi, ndipo fumbi la mu Okutobala mukulidziwa kale. Onaninso kutsogolo kwa kesi. Ngati kuli galasi lotseka, mafani amapuma movutikira. Chotsani chotsekeracho kwa kanthawi muone ngati kutentha kutsike. Kukatsika kwambiri, vuto ndi kesi, ndipo ya timabowo kutsogolo ikuthandizani kuposa fani yachisanu ndi chiwiri.

Za 90°C zisakusowetseni tulo. AMD, kampani yopanga Ryzen, inaika malire a purosesa imeneyi pa 95°C, ndipo ikafika apo imachepetsa yokha liwiro kuti isapse. Phokosolo ndikuganiza kuti likuchokera ku kachoziziritsira komwe kamabwera limodzi ndi purosesa m'bokosi, Wraith Stealth. N'kakang'ono, choncho kafani kake kamathamanga kwambiri ntchito ikakula. Ngati pali chogula, gulani choziziritsira choimirira chokhala ndi fani ya 120mm. Pomanga musaiwale kumatula kapulasitiki kapansi pake, ndipo thermal paste (phala lothandiza kutentha kuchoka pa purosesa kupita ku choziziritsira) ikhale kadontho kamodzi pakati pa purosesa.

Mukatha apo lowani mu BIOS (pulogalamu yokonzera zipangizo yomwe mumalowamo kompyuta ikangoyaka), pa gawo la mafani. Pamenepo pali njira ziwiri zolamulira liwiro la fani, PWM ndi DC. Mafani a pulagi ya mapini 4 amamvera bwino mukawaika pa PWM, a mapini 3 aikeni pa DC. Aziyenda pafupifupi 40% ya liwiro lawo lonse mpaka purosesa ifike 60°C, kenako azikwera pang'onopang'ono. Ngati motherboard yanu (bolodi lalikulu lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo) ikulola, achedwetseni masekondi angapo asanasinthe liwiro, chifukwa khutu limatopa msanga ndi fani yongokwera n'kutsika kusiyana ndi yolira mofanana. Tsiku lina mukadzasintha mafani, ya 140mm imakankha mpweya wofanana ndi ya 120mm koma ikuzungulira modekha.

Funso: Nanga ndikangochotseratu chotsekera cham'mbali?

Yankho: Poyesa chabe, inde. Kusiya choncho ayi, chifukwa phokoso lonse lituluka, fumbi ndi mphemvu zilowa, ndipo njira ya mpweya ija isokonekera. Chabwino n'kuichotsa kompyutayo pansi kapena m'kabati yotseka, muiike pamalo okwera, kumbuyo kwake kutalikirane ndi khoma. Sefa muzitsuka mwezi ndi mwezi. Popemerera fumbi zulani kaye waya wa magetsi, ndipo mapiko a fani muwagwire ndi chala kuti asazungulire mopitirira muyeso n'kuwononga mota.