Za netiboli ya msuweni ku Chanco

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko ku Namwera? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali m'kalasi. Funso lanu lija ndalimva, loti timuletse msuweni netiboli ndi kwaya poti semesita yoyamba sanakhoze bwino. Ine ndikuti tisathamange, amalume.

Ku Chanco, yunivesite ya ku Zomba ija, sikuli ngati MSCE, yoti munthu amaweruzidwa ndi mayeso omaliza okha. Malikisi amayamba kusonkhanitsidwa semesita ikangoyamba. Ma asainimenti, timayeso ta pakati, zonsezo amaphatikiza ndi mayeso akuluakulu aja. Ndiye mwana akajomba kamayeso kamodzi chifukwa timu yapita ku Blantyre kukasewera ndi a yunivesite ya MUBAS, dzenje limenelo kulikwirira kwake n'kovuta. Kenako sapu, mayeso olembanso phunziro lomwe walephera, akalepheranso ndiye kubwereza, mapeto ake kuwidedwa, kutanthauza kuchotsedwa sukulu. Mantha anuwo ndi omveka ndithu.

Koma ine zimenezi ndinadutsamo. Chaka choyamba ndinkaimba kwaya ndipo ndinakhoza bwinobwino. Chachiwiri anandiika mu komiti, eee, misonkhano mpaka usiku, kutolera ndalama, kusaka basi ya maulendo. Chaka chimenecho ndi chomwe ndinalemba sapu. Chinandidyera nthawi ndi udindo, kuimbako ayi.

Komanso taganizani, mwanayu wachoka kuno ku Mangochi, ku Zomba sadziwa aliyense, akukhala chipinda cha lendi ku Chikanda. Mu timu muja ndi momwe akupezamo azikulu ake a chaka chachitatu, omwe angamupatse mapepala a mayeso akale, kumuuza kuti phunziro lakutilakuti limagwetsa anthu, uliwerenge chonchi. Ine mapepala otere ndinkawapeza ku kwaya konko. Tikamulanda zonse azingobindikira yekha, ndipo mtsikana wosowa anzake pa koleji ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri kuposa wothamanga pa bwalo madzulo.

Ndiye maganizo anga, asankhe chimodzi, netiboli kapena kwaya, chomwe mtima wake wakonda. Za ukomiti akane kaye mpaka malikisi akwere. Ulendo ukawombana ndi mayeso, atsale, basi.

China, amalume, tamufunsani bwino za ndalama ya chakudya. Loni ija siikwana, ndipo ena amajomba kalasi chifukwa cha njala kapena kageni, ife n'kumanamizira mpira.

Loweruka ndimuimbira ndekha, anditumizire ndandanda ya maphunziro ake tione limodzi pomwe nthawi ikuthawira. Inu musamukalipire kaye. Moni kwa azakhali.