Webusaiti ya mlangizi: adzaitsegule ndani kodi?

Funso la sabata ino lachokera kwa mayi wina wa ku Bembeke, ndalidula pang'ono. Akuti: "Aphungu, ine ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi zaka zambiri, pano ndinapuma ndiye ndimaphunzitsa magulu a alimi a mbatatesi kasungidwe ka mbewu, kalembedwe ka mabuku a ndalama m'makopaletivi komanso za banki m'khonde. Mnyamata wina wa pa boma pa Dedza akuti ndikhale ndi webusaiti, andipangira pa K450,000. Kodi ndi zofunikadi kapena angofuna kundidyera?"

Mayi, zikomo kuti mwafunsa ndalama zikadali m'thumba, ambiri amandilembera atalipira kale ndiye timangodandaula limodzi basi.

Pali funso limodzi lomwe ndikukhulupirira mnyamatayo sanakufunseni: webusaitiyo adzaitsegule ndani? Alimi anu a ku Bembeke kapena ku Linthipe sadzakusakani pa Google ayi. Amenewo amakudziwani kale, amamva kwa anzawo pa msika, ku tchalitchi, ngakhale pa maliro, wina amangopatsa mnzake nambala yanu, komanso ambiri foni zawo ndi zamabatani zija. Amene adzatsegule ndi munthu wa mu ofesi ku Lilongwe, wa bungwe lomwe lapeza pulojekiti ya alimi ku Dedza ndi Ntcheu, akufuna munthu woti aphunzitse magulu mwezi wamawa, dzina lanu walimva pa msonkhano wina ndiye wakhala pa desiki akulilemba pa Google kuti aone ngati mulikodi komanso ngati ntchitoyo mumaidziwa. Akapanda kupeza kanthu satenga nthawi, amaimbira wina. Ndiye inde, webusaiti ikufunika, koma mwini wake weniweni ndi ameneyo, wosaina chekeyo. Mukagwira mfundo imeneyi zina zonse zimadziyankha zokha, ngakhale nkhani ya chilankhulo: lembani m'Chingerezi chifukwa ndi chomwe amalembera malipoti awo, kenako kagawo kamodzi ka Chichewa ka atcheya a makopaletivi omwe ali ndi foni zazikulu.

Tsono chomwe munthu akuona akangotsegula, asanasunthe chala. Apa ndi pomwe alangizi ambiri amagwa. Ndatsegulapo mawebusaiti ambiri a anzathu, pamwamba pali mawu olandira alendo, kenako masomphenya, kenako cholinga, ndime zitalizitali, ndipo pambali pali chithunzi cha azungu ovala masuti akugwirana chanza, chotola pa intaneti. Uwerenga mpaka pansi osadziwa kuti munthuyu amagwira ntchito yanji. Inu lembani ngati mmene mwandilembera ine: ndimaphunzitsa magulu a alimi a mbatatesi ku Dedza ndi Ntcheu kusunga mbewu ndi kulemba mabuku a ndalama. Basi, chiganizo chimenecho chikhale pamwamba ndi zilembo zazikulu. Chithunzi chikhale chanu, muli m'nyumba yosungira mbewu ija yolowa kuwala pang'ono, mwanyamula mbatatesi yophuka timaso tobiriwira, alimi akuyang'ana. Wa ku Lilongwe uja akaona zimenezo amadziwa kuti mayiwa matope a ku Bembeke amawadziwa, zomwe suti singamuuze. Koma alimiwo muwapemphe kaye musanaike nkhope zawo, si ulemu wokha ayi, paja kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, ndipo mabungwe amayang'ana zimenezi.

Pansi pake muike umboni. Osati mawu oti ndine wodziwa ntchito, aliyense amatero. Tchulani magulu awiri kapena atatu omwe munagwira nawo, vuto linali chani, inu munachita chani, pano zili bwanji. Mwachitsanzo gulu lomwe mbewu inkawolera m'matumba chaka ndi chaka ndiye pano akusunga yawo osagulanso, kapena kopaletivi yomwe anthu ankakangana pa msonkhano uliwonse chifukwa msungichuma analibe buku. Nenani zoona zokhazokha, manambala okhawo omwe mungawaikire kumbuyo, chifukwa anthu a m'mabungwe amadziwana ndipo amaimbirana foni. Tcheya wa gulu akalola, mawu ake awiri atatu ndi dzina la gulu lake aposa masatifiketi khumi. Masatifiketiwo ikani ndithu koma pansi.

Za mitengo anthu timasiyana maganizo. Ine ndimati lembani momveka zomwe munthu apeze, kaya ndi maphunziro a masiku atatu, kaya kuyendera gulu mwezi ndi mwezi nyengo yonse ya ulimi, koma mtengo wake mukambirane. Kwacha yathuyi mukuidziwa, mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndiye mtengo womwe munalemba chaka chatha ukhoza kukumangani, kasitomala akubwera atajambula tsambalo n'kumati koma munalemba nokha.

Kenako njira yokupezerani. Anyamata opanga mawebusaiti amakonda kuika kafomu kodzaza, dzina, imelo, uthenga, kenako uthengawo umakagwera mu imelo yomwe simutsegula mwezi wathunthu. Muuzeni aike batani la WhatsApp loonekera bwino pamwamba ndi pansi pomwe. Nzosavuta komanso nzaulele, linki yake imangokhala wa.me/265 kenako nambala yanu mutachotsa ziro woyambayo, munthu akadina amagwera pa foni yanu pompo. Nambala yoimbira ikhalenso poyera, ndi imelo ya dzina lanu lenileni, osati ija anakutsegulirani adzukulu yokhala ndi dzina lachibwana.

Ndipo ikhale yopepuka. Chithunzi chochokera pa foni chimatha kukhala 3 kapena 4 MB, mukaika khumi zotere tsamba limatsegula ngati ngolo yokwera phiri la Dedza, bandulo nayo ikutha. Azichepetse zisanalowe, chilichonse chisapitirire 200 KB, maso saona kusiyana. Makanema odziyambitsa okha, nyimbo, zithunzi zozungulirazungulira, zonsezo mukane. Tsamba limodzi lokonzedwa bwino likukwanirani, masamba asanu ndi awiri omwe anayi alembedwa kuti zikubwera posachedwa amangochotsa ulemu.

Tsopano nkhani yomwe imandipweteka mtima, domeni, kutanthauza dzina la webusaitilo lomwe anthu amalemba kuti akupezeni. Bambo wina wa ku Ntcheu yemwe ndinkamuthandiza za mabuku a bizinesi, mlangizi ngati inu nomwe, anapangitsa webusaiti kwa mphwake. Inali yokongola ndithu, anasindikiza makadi, analembetsa pa chitseko cha galimoto, anaika pa makalata onse ofunsira ntchito. Chaka chitatha tsiku lina akutsegula, palibe kanthu. Kufufuza, domeni inalembetsedwa pa imelo ya mphwakeyo, makalata okumbutsa kulipira ankapita komweko, iye ali ku Joni, nambala anasintha. Bamboyo analibe pasiwedi ngakhale imodzi. Ndimakumbukira atakhala mu ofesi mwanga ndi kabokosi ka makadi aja pa miyendo, akundifunsa ngati tingafute ndi cholembera. Tinayambira pa ziro, ndi dzina lina.

Ndiye mayi, domeni ilembetsedwe m'dzina lanu, pa imelo yanu, mapasiwedi onse mulembe m'kabuku kanu tsiku lomwelo muli pompo. Dziwaninso kuti sigulidwa kamodzi, imalipiridwa chaka chilichonse, chimodzimodzi malo osungira webusaitiyo omwe amati hosting. Ya .com imakhala pakati pa madola 10 ndi 15 pa chaka, si zambiri, koma vuto ndi lakuti ndi madola, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunjaku kulipira ndi khadi la kubanki kumavuta nthawi zina. Pali ya .mw, ya kwathu kuno, yomwe amayang'anira ndi a bungwe la SDNP, komanso alipo makampani a konkuno omwe amalandira makwacha. Mumufunse mnyamatayo kuti chaka chamawa mudzalipira zingati, kwa ndani, mwa njira yanji. Akayamba kuzungulira pa funso limeneli, nanunso zungulirani ndi ndalama zanu.

K450,000 ndi yambiri kapena ayi? Zitengera zomwe zili mkatimo. Ngati muli domeni, hosting ya chaka, imelo ya dzina la bizinesi, chitetezo cha webusaiti chija amati SSL, ndiponso akuphunzitsani kusintha mawu ndi zithunzi nokha osamuimbira, mukhoza kukambirana, ngakhale kwa tsamba limodzi ine ndikanamutsitsa. Ngati ndi kungojambula basi, zina zonse mudzalipira padera, wakwera. Mulemberane pa pepala, theka poyamba, theka akamaliza, ndipo akuonetseni ntchito ziwiri zomwe anapangira ena zomwe zikugwirabe lero.

Komanso musathamange, pali zaulele zoti muyambire sabata inoyi. Google Business Profile imakuikani pa mapu, munthu akalemba dzina lanu amaona nambala ndi dera lanu. WhatsApp Business ili ndi malo olembapo ntchito zanu. LinkedIn ndi komwe anthu a m'mabungwe aja amachezera, ndipo pa Google Sites mdzukulu wanu akhoza kukupangirani tsamba limodzi madzulo amodzi. Kungoti zaulele mwini wake ndi wina, mu Malichi 2024 Google inatseka timawebusaiti taulele tomwe inkapereka kwa mabizinesi ndipo ambiri anangodzuka palibe, n'chifukwa chake domeni yanuyanu ndimaikakamira. Ndipo ngati dzina la bizinesi simunalembetse ku ofesi yolembetsa mabizinesi, nambala ya msonkho ya TPIN ya ku MRA mulibe, akaunti ya ku banki ili m'dzina la bambo akunyumba, yambani zimenezo, chifukwa bungwe likakukondani pa webusaiti chotsatira limapempha mapepala amenewa.

Tsiku lomwe adzanene kuti wamaliza musakaonere pa laputopu yake pa boma pomwe netiweki ili bwino. Bwererani nayo ku Bembeke, mutsegule pa foni yanu ndi bandulo yanu, mupatsenso mnzanu yemwe sadziwa bwino ntchito yanu ayang'ane kamphindi kochepa, kenako mumulande foniyo mumufunse kuti mayi amenewa amachita chani ndipo ungawapeze bwanji. Akayankha bwino, mutumizireni mnyamatayo theka lotsalalo pa Mpamba kapena Airtel Money. Akakanda mutu, theka lija lidikire kaye.