Za internship ya sola ija: ine anandisenzetsa mlandu wa inverter

Achemwali, mwafunsa muno ngati mupite ku internship ya pa kampani ya sola. R5,000 pamwezi chaka chathunthu, kontilakiti akuti mudzasaina mukayamba? Ndawerenga positi yanu ndili mu takisi mpaka ndapitirira potsikira. Mtima wanga wabwerera ku Wadeville, dera la mafakitale pafupi ndi Joni kumene zinandionekera ine. Onse akukuuzani kuti "pitani basi, bola mwapeza polowera" sanaimepo pa denga la fakitale mu July. Inunso abambo mwalemba kuti mtsikana azifuna za mu ofesi, dikirani, ndikufikani.

Ine ndinamaliza pa Poly mu 2019, isanasinthe dzina kukhala MUBAS. Zaka zisanu za electrical, atsikana m'kalasi mwathu osadzaza ngakhale benchi imodzi. Ndinakhala pa Ndirande zaka ziwiri ndikuyenda ndi envulopu, kenako ndinabwera kuno ku Joni mu 2022 kudzapitiriza sukulu pa study visa. Ndiye 2023 mukuikumbuka nonse. Load shedding ya Stage 6, magetsi kuzima maola ambiri pa tsiku, firiji kununkha, kuphika nsima 3 koloko m'bandakucha chifukwa ndi nthawi imene magetsi ayaka. Boma linati woika mapanelo pakhomo pake limubwezera 25% ya mtengo wake mpaka R15,000, basi aliyense amene anali ndi bakkie (pikapu) ndi makwerero anadzuka m'mawa ali kampani ya sola. Mapulogalamu abwinobwino a atsikana a uinjiniya analipo, ndinawaona, ndinalembera. Koma ukatsegula fomu ya YES (pulogalamu yopezera achinyamata ntchito) kaya za ndalama za EWSETA (bungwe la maphunziro a ntchito za magetsi ndi madzi), bokosi loyamba likufuna nambala ya ID ya manambala 13. Pasipoti yathu silowamo. Makampani akuluakulu nawonso amawerengera mapointi a B-BBEE, ndondomeko ya boma yotukula anthu akuda pa chuma, ndipo mapointi amenewo amabwera ndi nzika za dziko lino, osati ife. Ndiye ife timatsala ndi timakampani ta mu Kya Sand, dera lina la mafakitale mu Joni muno, ndipo ine ndinagwera kamodzi mwa timeneto.

R3,500. Pa pepala analemba maola 20 pa sabata, chifukwa ndi amene study visa imalola. Zenizeni ndinkanyamuka ku Rosettenville mdima ulipo, takisi mpaka m'tauni, ina pa siteji ya matakisi ya Bree, kubwerera mdima wagwanso, Loweruka lomwe. Malipiro otsikitsitsa a boma chaka chimenecho anali R25.42 pa ola. Werengerani nokha. Mabuti anandipatsa size 8 pomwe ine ndimavala 4, ndinkaika nyuzipepala kutsogolo. Lamba wodzimangirira pa denga anali wa munthu wa mimba yake, ndikamanga mpaka pa bowo lomaliza amakhwepabe. Chimbudzi pa site panalibe, anyamata amangotembenukira kukhoma, ine kuyenda mpaka pa filling station. Masiku a kumwezi ndisanene n'komwe, amayi muli muno mukudziwa. Zonsezi ndinapirira osadandaula, ndimati kwa eni kulibe mkuwe.

Chimene chandilembetsa zonsezi ndi ichi. Tinapeza ntchito pa fakitale ina ya mapulasitiki ku Wadeville. Bwana anajambula yekha pa kapepala kuti mapanelo 20 pa string iliyonse (mzere wa mapanelo olumikizidwa motsatizana), n'kundiponyera kuti ndikonze drawing ioneke bwino pa kompyuta. Ndinatenga datasheet, pepala la wopanga mapanelo losonyeza manambala ake. Panelo iliyonse, ikakhala pa dzuwa koma isanayambe kukokedwa mphamvu, imatulutsa pafupifupi 50 V. Makumi awiri ndiye kuti tagunda kale 1,000 V, ndipo inverter imene anagula, makina osintha magetsi a mapanelo (DC) kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba (AC), malire ake anali 1,000 V yomweyo. Komanso nambala ya pa datasheet ndi ya pa 25°C. Panelo ikazizira voltage imakwera, izi tinaphunzira chaka chachitatu pa Chichiri. Ndinawerengera m'mawa wa kuno ku Joni kukazizira mpaka 0°C, zinandipatsa cha m'ma 1,060 V. Ndinabwereza katatu poopa kuti mwina ndine ndasokoneza. Kenako ndinalowa mu ofesi mwake, mwaulemu wonse wa kwathu, manja kumbuyo, ndikuti bwana tichepetse akhale 18. Sanayang'ane n'komwe pepalalo. Akuti, "Mtsikana iwe, ine ndinayamba kugwira mawaya usanabadwe. Tandipangire khofi." Anyamata kuseka. Ndinapanga khofiyo, achemwali. Ndinaikamo ndi shuga masipuni awiri momwe amakondera. Koma usiku umenewo tulo sitinabwere, ndinatumiza imelo yachidule yokhala ndi masamu aja. Sanayankhe.

Tinamaliza kuika kumapeto kwa June. Pa 10 July kunagwa snow mu Joni muno, anthu akujambulana m'misewu ngati ana. Sabata yomweyo, m'mawa wina kunja kutayera koma kukuzizira koluma zala, foni inalira ndili pa mzere pa Bree. Thamangira ku Wadeville. Nditafika, fungo linandichingamira pa geti, fungo lija la pulasitiki ndi waya wopsa limene limakakamira kukhosi. Inverter yakuda mbali imodzi, khoma lili ndi mwaye mpaka kumalata, ufa wa chozimitsira moto uli mbwee pansi. Mwini fakitale ataima apo nkhope ili gwaa, makina ake onse ali zii, antchito ake atazungulira manja m'matumba. Ine ndi mabuti anga a size 8, kuyenda kwake phwa phwa phwa, aliyense kutembenuka. Bwana wanga sanandipatse ngakhale moni. Anangondiloza ndi kiyi wa galimoto n'kuuza mwini fakitale kuti, "Drawing anapanga ndi uyu. Ndi wophunzira, wa ku Malawi, tinkangomuthandiza." Anatulutsa pepala, pakona pake pali dzina langa, poti ndine ndinalijambula pa kompyuta. Pakamwa panga panauma. Chizungu chonse chimene ndinaphunzira kuyambira Standard 1 chinathawa. Ndimafuna kunena kuti imelo, imelo ilipo, koma chimene chinatuluka ndi "pepani bwana". Pepani! Mpaka lero ndikakumbuka mawu amenewo ndimafuna kudziluma lilime. Ndinapepesa mlandu wa munthu wina, pamaso pa anthu oposa makumi awiri, misozi ikutsikira mu kolala ya ovolosi.

Ndipo chimene chinandipweteka kuposa bwanayo ndi achimwene ena akwathu konkuno, amene anali kapitawo wa oika mapanelo. Analipo tsiku la khofi lija. Anamva zonse. Ndinawayang'ana kuti mwina anenapo kanthu, iwo maso pansi, akukanda simenti ndi nsonga ya buti. Madzulo mu bakkie akundinong'oneza kuti, "Alongo, mungopirira, ine mapepala anga mukuwadziwa, ndili ndi ana atatu kumudzi." Ndikuwamvetsa tsopano. Tsiku limenelo ndikanatha kuwakankhira kunja galimoto ikuyenda.

Bwana uja anandidula theka la malipiro miyezi itatu, akuti ndikuthandizira kugula inverter ina. R1,750, lendi ya kachipinda kokha inali kuposa pamenepo. Ndinadzamva mochedwa kuti lamulo la ntchito kuno, Basic Conditions of Employment Act, silimulola kudula choncho: pamafunika kuti akumve kaye mbali yako, uvomere molemba, ndipo asapyole kota ya malipiro ako. Iye ankadziwa. Ankadziwanso kuti sindingapite ku CCMA, bungwe loweruza madandaulo a antchito, chifukwa akandifunsa maola amene ndimagwira ndidziulula ndekha kuti ndaphwanya visa. Ndi chifukwa chake amakonda ife, musaganize kuti ndi chifundo. Ndiye tamverani izi. Pa 9 August, tsiku la amayi kuno, mwezi usanathe n'komwe chichitikireni zimenezi, anaika chithunzi changa pa Facebook ya kampani, ndili ndi chipewa cha pa site, pansi atalemba kuti amanyadira kutukula amayi mu mphamvu za dzuwa. Anthu kuika timitima. Ine tsiku limenelo ndinadya buledi ndi madzi a shuga. Mulungu andikhululukire koma munthu ameneyo sindinamukhululukire, ndipo galimoto yake ndikaiona pa msewu wa Malibongwe ndimayang'ana kumbali.

Pochoka ndinamupempha chinthu chimodzi chokha, asaine lipoti la ntchito imene ndinagwira kuti ndidzaiwerengere ku ECSA, bungwe lolembetsa mainjiniya kuno. Inu mukudziwa kuti kuti munthu adzatchedwe Pr Eng, injiniya wolembetsedwa, pamafunika zaka zosachepera zitatu za ntchito, malipoti osainidwa ndi amene amakuyang'anira, ndi anthu olembetsedwa okuikira umboni. Anakana. Komanso ndinazindikira kuti pa kampani yonseyo panalibe ndi mmodzi yemwe wolembetsedwa ku ECSA, ndipo CoC, satifiketi yotsimikiza kuti mawaya aikidwa motsata malamulo, amachita kukagula siginecha kwa munthu amene pa site sanapondepo. Miyezi khumi inapita ngati madzi a mu dengu.

Koma pitani, achemwali. Ee, ndikudziwa zimene ndangolemba. Pitani. Chifukwa mwini fakitale uja sanakhutire, anaitana injiniya wapadera kuti afufuze, mayi wina wachikulire, Pr Eng. Mayiyo anaitanitsa mapepala onse, ine ndinalimba mtima n'kumutumizira imelo ija mwakachetechete. Patapita miyezi iwiri anandiimbira. Lero ndikugwira pansi pake, mapepala anga ali bwino, malipoti anga amasaina, ndipo chaka chatha ananditenga ku De Aar kukaona minda ya mapanelo yoti diso silifika kumapeto. Ndikanakhala pa Rosettenville kudikira internship yaulemu, bwenzi pano ndikuluka anthu tsitsi ndi digiri yanga mu sutikesi. Walira mvula walira matope.

Kungoti musalowe mmene ndinalowera ine. Kontilakiti musaine musanakwere denga lililonse, ndipo maola olembedwawo akhale enieni, ogwirizana ndi pepala limene muli nalo. Afunseni mosapsatira kuti pano Pr Eng ndani, adzasaina malipoti anga ndani. Akayamba kukanda mutu mwadziwa. Ngakhale atati palibe, ine ndingati pitanibe miyezi isanu ndi umodzi, muphunzire kugwira crimper (chopanira mitu ya mawaya) ndi clamp meter (choyezera magetsi), muone mmene DB ya fakitale, bokosi logawira magetsi, imaonekera m'kati, kwinaku mukufuna kwina. Chilichonse chimene mwaona kuti chalakwika lembani imelo, tsiku lomwelo, n'kudzitumizira kope ku adiresi yanu. Dzina lanu lisakhale pa drawing imene simukugwirizana nayo. Koma musamatsutse bwana pagulu, amuna awa akachita manyazi pamaso pa anyamata awo amakusungira. Ngakhale kuti ine chimene ndimadandaula mpaka lero n'choti sindinakuwe pa Wadeville paja. Kaya, muona nokha pamene pafunika pakamwa.

Za SAQA, bungwe lounika mapepala a sukulu ochokera kunja, yambani lero, musadikire ntchito. ECSA nayonso idzafuna kuunika digiri yanu payokha, poti Malawi sali mu Washington Accord, pangano la maiko lovomerezana madigiri a uinjiniya, ndiye itanitsani ma transcript ndi ma course outline ku Blantyre pano pomwe muli ndi wina woti akakuyendereni. Ngati mungasunge kandalama, kachiteni maphunziro a PV GreenCard, satifiketi ya oika sola, makasitomala ambiri amaifunsa. Dziwaninso kuti msika si uja wa 2023. Load shedding itaima kumapeto kwa March 2024, timakampani tambiri ta bakkie tinatseka, ndiye fufuzani ngati kanuko kali ndi ntchito za mafakitale ndi mashopu akuluakulu, osati nyumba zokha. Ndipo musaiwale kumudzi. Ku Salima kuli 60 MW, ku Golomoti 20 MW yokhala ndi mabatire, ndipo aliyense amene anaona mdima umene unabwera Kapichira itawonongeka ndi namondwe Ana mu 2022 akudziwa kuti dzuwa tilifuna. Ine ndikangopeza Pr Eng yanga mwina mudzandiona pa Park Station ndi zikwama, ndikukwera basi yobwerera kumudzi.

Pa denga, MC4, pulagi yolumikizira mapanelo, musaizule string ikugwira ntchito, ngakhale kapitawo akukuwireni bwanji. DC si AC, moto wake ukayamba suzima wokha. Zimitsani kaye, yezani, kenako gwirani. Lamba akakhala wamkulu kanani kukwera. Ine ndinkakwera, koma inu kanani.

Tsopano inu abambo a "za mu ofesi". Masamu amene akanapulumutsa inverter ija anachita ndi mtsikana, ndipo anaiotcha ndi bambo wa zaka makumi atatu pa ntchito. Pa denga ndimakwerabe mpaka lero, mabuti okha ndi amene ndinasintha.

Achemwali, mumavala size yanji? Ndili ndi mabuti a size 4 amene ndinagula ndi malipiro anga oyamba enieni, akadali olimba. Ngati akukwanani ndipezeni ku inbox, ndimadutsa pa Bree Lachisanu lililonse cha m'ma 5. Mubweretsenso kontilakitiyo ndidzaione musanasaine.