Mabungwe alipo, koma mawu a kudimba sakufika ku Lilongwe

Achimwene, mwafunsa ngati mabungwe omwe si aboma olankhula za kusintha kwa nyengo ali ndi phindu kwa ife a m'chigwa cha Shire, kapena ndi anthu ongokonda misonkhano ya m'mahotela ndi maalawansi. Ndikuyankheni monga munthu amene ndakhala mukomiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'mudzi mwathu kuno ku Nsanje kuyambira chigumula cha Januwale 2015.

Phindu lilipo, limenelo sindingakane. Kwa zaka zoposa 30 dziko lino linkayendera lamulo loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi la 1991, lomwe linabwera napolo atasesa ku Phalombe. Mtima wa lamulo limenelo unali kugawa ufa ndi mabulangete madzi atakokolola kale. Mabungwe oona za nyengo ndi chilengedwe ngati CISONECC ndi CEPA anakhala akulira kwa nthawi yaitali kuti pakhale lamulo loteteza anthu ngozi isanagwe, ndipo aphungu analivomereza mu 2023, namondwe wa Freddy atangotisiya m'misasa. Zimandiwawa kuti zinatengera maliro ochuluka chonchija, koma pakanapanda ena oumirira, mwina bilu ija ikanakhalabe m'kabati. Ngakhale kumudzi kuno, mtengo wopimira madzi umene uli m'mphepete mwa mtsinje, wopakidwa utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira, unabwera ndi bungwe. Usiku wina mu Malichi 2019 madzi atafika pofiira, tinayenda khomo ndi khomo ndi wezulo ndi chimkuzamawu, ndipo m'mudzi mwathu simunafe munthu.

Koma funso lanu likukhudzanso ndondomeko za boma, ndipo apa ndi pamene mtima wanga suli m'malo. Tili ndi ndondomeko ya dziko yokhudza kusintha kwa nyengo ya 2016. Ndi angati a ku Makhanga, Bangula kapena Nchalo amene anafunsidwapo isanalembedwe? Nthawi zambiri amatipeza chikalata chitatha kale, n'kutiwerengera mu Chingerezi, wina n'kumasulira mwachidule, tisayine papepala la obwera, timwe fanta, basi akuti anthu afunsidwa. Pamenepo agogo olankhula Chisena chokha angokhala chete kumbuyo.

Tengani nkhani yosamukira kumtunda. Chaka chilichonse pawailesi timamva kuti anthu a kuchigwa ndi osamva, amakonda zolandira. Tsiku lina bungwe lina linachititsa msonkhano pansi pa mtengo wa mbawa kwa anyakwawa athu, ndipo mnyamata wa bungwelo anafotokoza bwino ndithu za kuopsa kokhala m'mphepete mwa Shire. Mayi wina wachikulire anaimirira, n'kumanga bwino chitenje, n'kuti: "Mwana wanga, kumtunda kuja ndapitako. Mjigo kulibe, dothi ndi miyala. Kuno madzi akaphwa ndimabzala chimanga, mbatata ndi nyemba, ndikolola kawiri. Ukandisamutsa, dimba langa ulinyamula?" Mnyamata uja analemba m'kabuku. Mpaka lero sitinamve kumene mawu aja anathera.

Mayi uja ananena zimene aliyense wa kuno amadziwa. Chigwa chino n'chotentha, mvula yake ndi yochepa, ndipo munda wa kumtunda umakupatsa mapira ndi mchewere mvula ikakomera. Chinyontho chimene madzi osefukira amasiya ndiye nkhokwe yathu. Chilala cha 2024, pamene boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, amene analibe dimba ndi amene anayamba kulowa m'dambo kukazula nyika, ng'ona zili momwemo. Choncho munthu akamakana kusamuka sakukana moyo ayi. Ambiri tikufuna nyumba kumtunda koma dimba likhalebe lathu, ndi malo okhala amene mwini wake sadzatithamangitsa mawa. Bungwe limene lingatenge mfundo imeneyi n'kukaiika patebulo la aphungu ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, limenelo ndiye likutiimirira.

Palinso nkhani ya ndalama. Kumsonkhano wa mayiko wokambirana za nyengo wa COP27 ku Egypt mu 2022, mayiko anagwirizana zokhazikitsa thumba lolipira zimene mayiko osauka akutaya chifukwa cha kusintha kwa nyengo, ndipo a mabungwe a kuno anali m'gulu la olimbikira zimenezo. N'zoyenera, pakuti utsi umene watenthetsa dziko sunachoke ku Ngabu. Ife tangolandira anamondwe: Idai, Ana amene anaphwasula damu la Kapichira mu 2022, Gombe, kenako Freddy. Koma ndalamazo zikabwera, adzanene ndani kuti ziyambire pa mpanda wotchinga madzi, pa mlatho kapena pa sukulu imene imasanduka msasa chaka ndi chaka? Ngati makomiti a m'midzi sadzakhalapo pogawa, tidzangoona magalimoto atsopano akudutsa pamsewu wa M1.

Ndiye musawataye mabungwewa, achimwene, koma musawaombere m'manja mwaulere. Akabwera kwanu afunseni kuti zimene tinanena ulendo watha munakazitula kuti, ndipo anayankha chiyani. Pemphani kuti msonkhano uchitike chikalata chisanalembedwe, m'Chisena ndi m'Chimang'anja, pa nthawi imene amayi abwerako kudimba. Ifenso tili ndi mbali yathu: zimene takambirana kukomiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) zilembedwe, zipite kukomiti ya chitukuko ya m'dera (ADC), ndipo khansala akazitule kukhonsolo, chifukwa bungwe silinganyamule mawu amene sanalembedwe paliponse. Komiti yathu yayamba kusunga kope lake la zonse zimene timauza alendo, tsiku ndi dzina la bungwe. Akabweranso mwezi wa Okutobala kudzakamba zokonzekera dzinja, tidzayamba ndi kuwawerengera funso la mayi uja.