Kodi milkvetch wam'tchire ndi woopsa kwa ana ndi ziweto?

FUNSO: Tikukhala ku Colorado, m'dziko la America. Kuseri kwa nyumba yathu kwamera tizomera ta maluwa apepo, tobereka timakoko ngati ta nyemba, ndipo aneba akuti ndi milkvetch. Ndili ndi mwana wa zaka 2 amene chilichonse amaponya m'kamwa, galu mmodzi ndi akalulu awiri. Ndizule kapena nditisiye? Ndine mayi wodera nkhawa.

YANKHO: Zulani tonse tomwe tili pamalo osewerera mwana, mayi, koma mtima ukhale m'malo. Kungokhudza chomerachi sikupweteka munthu. Poizoni wake amagwira ntchito chikadyedwa, makamaka chambiri kapena kwa masiku ambiri.

Chovuta n'chakuti milkvetch si chomera chimodzi. Akatswiri amachitcha Astragalus, ndipo pali mitundu pafupifupi 3,000, yonse ya m'banja la nyemba. Ina ndi yabwinobwino: Astragalus cicer alimi amachita kudzalira ziweto. Ina ndi yakupha, ndipo kumadzulo kwa America, komwe kuli Colorado, ndi kwawo kwenikweni kwa yoipayi. Kuisiyanitsa ndi maso kumavuta ngakhale kwa odziwa, mpaka ataona maluwa ndi makoko omwe.

Mitundu yotchedwa locoweed, monga Astragalus mollissimus wa masamba aubweya, imakhala ndi poizoni wa swainsonine, wopangidwa ndi fangasi wokhala m'kati mwa chomeracho. Poizoniyu amalepheretsa maselo kugaya mitundu ina ya shuga, shugayo n'kumaunjikana mpaka kuwononga ubongo. Chiweto chikadya kwa milungu iwiri kapena itatu chimayamba kudzandira, kudzidzimuka pachabe ndi kuwonda, ndipo chabere chimatha kupoloza. Mahatchi ndi amene amagwidwa msanga, ndipo nthawi zambiri sachiriratu. Mitundu ina, monga Astragalus bisulcatus, imakoka m'nthaka selenium wochuluka, mchere womwe ukachulukitsa m'thupi umakhala poizoni. Imadziwika ndi fungo loipa lokhala ngati la adyo. Astragalus miser ali ndi poizoni wina amene amabanikitsa ng'ombe ndi nkhosa, zina n'kufa tsiku lomwelo.

Mwaona kuti zonsezi ndi nyama zodya msipu. N'chifukwa chake pakhomo panu amene ali pachiswe kwambiri ndi akaluluwo, osati galu. Galu kapena mphaka akabudula tsamba limodzi kapena awiri, kawirikawiri zimathera pa kuchucha dovu, kusanza kapena kutsegula m'mimba. Kalulu amadya masamba tsiku lonse, thupi lake n'laling'ono, komanso satha kusanza. Musawamwetere udzu pamalopo, ndipo musaganize kuti kuyanika kumathetsa vuto: swainsonine amakhalabe m'masamba ouma.

Kwa mwana, chokopa ndi makoko. Ena amafufuma, akauma n'kumalira njere m'kati ngati chisekese, ndiye mwana wa zaka 2 sangawalambalale. Mukamupeza akutafuna, chotsani zotsala m'kamwa ndi chala, mupukuteni ndi kansalu konyowa, m'mwetseni madzi pang'ono, kenako imbani ku Poison Control, ofesi yolangiza za poizoni, pa 1-800-222-1222. Musamusanzitse, chifukwa masanzi angalowe m'mapapo. Akamavutika kupuma, kuwodzera modabwitsa kapena kusanza kosalekeza, imbani 911, nambala ya zangozi. Chiweto chikadya, pitani nacho kwa dokotala wa ziweto mutatenga nthambi ya masamba, maluwa ndi makoko, ndipo munene nthawi yomwe chinadya ndi kuchuluka kwake.

Pozula, thirirani nthaka dzulo lake kuti ifewe. Muzu wake ndi umodzi wautali wolunjika pansi, choncho kumbani ndi fosholo m'malo mokoka, chifukwa ukadukira pamwamba umaphukanso. Chitani zimenezi makoko asanakhwime. Zozulazo mangani m'thumba n'kutaya m'bini, osati pa mulu wa manyowa pomwe galu amafukula. Njere zake zili ndi khungu lolimba ndipo zimakhala m'nthaka zaka zambiri, ndiye muziyenderapo chaka chilichonse chisanu chikangotha n'kuzula timbande tikadali tanthete.