Tifunseni: Ndinyamule chiyani m'chikwama poti tirigu anandiletsa?

FUNSO: Anti, ine ndimakhala ku Area 25 koma ntchito ndimagwira ku City Centre. Chaka chatha adokotala atandiyeza anati ndili ndi celiac disease, matenda oti gluten amandipweteka matumbo, ndisiyiretu chilichonse chokhala ndi gluten. Kunyumba zilibe vuto poti nsima ndi mpunga ndimadya bwinobwino, koma ku ofesi ikati 10 koloko anzanga akutulutsa mandasi ndi masikono ine ndimangomwa tiyi wopanda chomwera, pofika madzulo pa depoti ndili wefuwefu ndi njala. M'mashopu ndimaona tima snack bar, kodi timeneti ndingadye? Mayi wa ana awiri, Lilongwe.

YANKHO: Pepani achemwali, njala ya pantchito ndi yowawa, makamaka anzako akutafuna pambali pako. Tima bar tija tina mungadye koma tambiri ayi, ndiye osamangokhulupirira chithunzi cha mtedza ndi uchi chili kutsogolo kwa paketi, tembenuzani muwerenge timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyoko. Gluten ndi puloteni yemwe amapezeka mu tirigu ndi mu mbewu zina zofanana naye zotchedwa barley ndi rye, ndiye mukaona wheat, barley, rye kapena malt bwezani pa shelefu. Malt ameneyu ndi amene amapusitsa anthu ambiri chifukwa amachokera ku barley ndipo amamuthira ngakhale mu ma cornflakes ndi mu timpunga tophulitsa tomwe amaika m'ma bar, munthu nkumati izi ndi chimanga basi, kapena mpunga basi, chonsecho muli gluten.

Nkhani ina ndi oats, poti ma bar ambiri amadalira iyeyu. Payekha alibe gluten wa tirigu koma amalimidwa, kukololedwa ndi kugayidwa ndi makina omwewo a tirigu ndiye amasakanikirana, gulani pokhapokha alembapo kuti gluten free. Mawu amenewa pa muyezo wa zakudya wa padziko lonse wotchedwa Codex amatanthauza kuti gluten sakupitirira mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi. Ma paketi ena ali ndi kachizindikiro ka ngala ya tirigu yodulidwa ndi mzere, amenewo tengani. Olembedwa "may contain wheat" kwa inu ndi ayi. Ngati muli ndi m'bale ku UK akamabwera mumuuze akutengereni ma bar otchedwa Nakd, ndi a zipatso za date ndi mtedza, koma zodikira alendo sizingakhale zodalira tsiku ndi tsiku, komanso mitengo ya zoitanitsa kunjazi mukuidziwa.

Ine ndikanakonda muzipanga nokha Lamlungu masana. Kazingani mtedza makapu awiri, muyambe mwausankha bwino, wonyala ndi wachuku tayani osaumvera chisoni. Usinjeni pang'ono osati mpaka nsinjiro, muphatikize ndi theka la kapu ya chitowe chokazinga. Mu poto tenthetsani uchi theka la kapu ndi masipuni atatu a chiponde mpaka ziyambe kuwira, thiranimo mtedza uja, kamchere pang'ono, ngati muli ndi ufa wa malambe sipuni imodzi kuti kazimveka kowawasa. Tsanulirani m'mbale yafulati yopaka mafuta, tsindirani kwambiri ndi chipande, zikazizira dulani timizere. Mu kontena yotseka bwino zimakwana sabata yonse, kukamatentha ngati Okutobala ikani mu fuliji.

Tsiku lomwe mwaiwala kunyamula, pamsika pali nthochi, mbatata kapena chinangwa chophika, chimanga chootcha, dzira lowiritsa. Koma zitumbuwa ndi chigumu samalani nazo chonde, ena amathirako ufa wa tirigu kuti zifewe ndipo zitumbuwa nthawi zambiri zimakazingidwa m'mafuta omwe atuluka mandasi, kwa munthu wa celiac tinyenyeswa timeneto nkokwanira kupweteka matumbo ngakhale tsiku limenelo musamve kalikonse. Afunseni amayi ogulitsawo mosachita manyazi, ndipo mukagwirizana ndi mmodzi woti azikupangirani za mgaiwa ndi nthochi zokha m'mafuta apadera, mugwiritseni ameneyo.